Huey ya mfuti kusanduka ambulansi: mtanda wofiira pawokha sukwanira

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa wowerenga wina wa ku Johannesburg. Akuti anagula bokosi la zidutswa za pulasitiki zomangira helikopita ya Bell UH-1, ija ankaitcha Huey, ya sikelo ya 1/48, kutanthauza kuti muyezo uliwonse wa ndege yeniyeni amaugawa ndi 48. M'bokosimo muli mfuti ndi maroketi, pamene iwo akufuna ndege yonyamula asilikali ovulala ya pa nkhondo ya ku Vietnam. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndikasiya mfutizo n'kumata mtanda wofiira, basi zatheka?"

Achimwene, ayi. Mtandawo ndi wa kumapeto. Ntchito yeniyeni ili m'kati mwa ndegeyo, ndipo musanatsegule n'komwe guluu, sankhani chaka chimene mukumanga.

Yambani mwaona pa bokosi kuti ndi Huey iti. UH-1B ndi UH-1C ndi zazifupi, pamene UH-1D ndi UH-1H ndi zazitali, zitseko zake za mawindo awiri. Ikakhala C, ndikukulangizani kuti muisiye ndi mfuti zake, chifukwa ntchito yake yaikulu inali kumenya nkhondo ndipo mapiko ake a pamwamba ndi osiyana ndi a B. Ikakhala B, muli ndi mwayi. Gulu la zachipatala la asilikali a ku America, la 57th Medical Detachment, linafika ku Nha Trang ku Vietnam mu 1962 ndi ndege zisanu, ndipo chaka chotsatira linalandira ma UH-1B n'kuyamba kudziitana kuti "Dustoff" pa wailesi. Mtsogoleri wake, Major Charles Kelly, anawomberedwa n'kufa pa 1 Julaye 1964 akukatenga ovulala. Ndege za nthawi imeneyo zinali ndi penti wobiriwira modera, wonyezimira, ndi zilembo zoyera ndi zachikasu. Penti wosanyezimira ndi zilembo zakuda zinabwera pambuyo pake. Mukasakaniza ziwirizi, odziwa amaona ali kutali.

Za mfuti: ndege za Dustoff zinalibe mfuti za pakhomo, choncho chotsani ndi zitsulo zogwirira mfutizo, mutseke mabowo ake ndi putty (phala lomatira ming'alu lomwe limalimba likauma), mupale ndi sandipepa. Koma a 15th Medical Battalion, a m'gulu la 1st Cavalry Division, ankauluka ndi mfuti za M60 pamodzi ndi mtanda wofiira. Ngati mtima sukulola kutaya mfutizo, mangani ya gulu limenelo.

Tsopano machira, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Huey yaitali inkatha kunyamula machira 6, koma mwa masiku onse ankaika atatu osanjikiza, opingasa kumbuyo kwa chipinda, n'kusiya malo a ovulala anayi otha kukhala pansi. Machira enieni ndi otalika pafupifupi mamita 2.3, m'lifupi masentimita 58. Pa sikelo yanu ndiye mamilimita 48 ndi 12. Koma musadule potengera masamu okhawo. Pulasitiki wa makoma amakhala wochindikala, ndiye chipinda chimachepa. Ine ulendo woyamba ndinapanga machira atatu okongola, onse anakana kulowa, ndinachita kudula zogwirira. Yezani kaye chipindacho.

Mitengo ya machira musapangire timitengo totokosera m'mano, timaoneka ngati migogo. Tengani waya wowongoka bwino, wosakwana milimita imodzi. Amene tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, apa dzanja limakumbukira lokha. Nsalu yake ndi tishu: mumudule, mumukute pa mawaya awiriwo, kenako mumunyowetse ndi guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi. Asanaume, dinikizani pang'ono pakati ndi chala kuti nsaluyo ilendewere ngati panagona munthu. Bulangete nalo ndi tishu yemweyo. Sikuti machira onse akhale pa malo ake. Pa tsiku loipa ovulala ankangowagoneka pansi kuti ambiri akwane, ndiye amodzi opinda, otsamira khoma, amaoneka enieni kuposa atatu oyalidwa ngati m'sitolo.

Anthu a m'ndegemo anali anayi: oyendetsa awiri, wachipatala, ndi makaniko woyang'anira ndegeyo. Asiyireni mipando yawo, muike ndi kachikwama ka mankhwala.

Makina okwezera ovulala ndi chingwe anayamba kugwira ntchito mu 1966. Ankakhala m'kati, mkono wake n'kumatulukira pakhomo, ndipo kumapeto kwa chingwe kunali chitsulo chachikasu cha mipando itatu yopinda, choboolera masamba a m'nkhalango. Ndi chokongoletsa kwambiri, koma pa ndege ya nthawi ya Kelly musachiike.

Tifike pa mtanda uja. Unkakhala pa bwalo loyera la ngodya zinayi, pa mphuno ndi pa zitseko, ndipo ndege zambiri zinali nawo pansi kapena padenga. Tsatani chithunzi cha ndege imodzi. Zomata zoyera zambiri n'zopyapyala, mukaziika pa penti wobiriwira zimada ngati nsalu yochapa ndi madzi a matope. Ine ndimayamba ndi penti woyera, akauma ndimamata tepi pa bwalolo, kenako ndimapaka wobiriwira ndege yonse. Ndikachotsa tepi, ndimamata ina yosiya malo a mtanda, n'kupaka wofiira pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu. Dinikizani m'mphepete mwa tepi ndi chikhadabo, apo ayi wofiira amalowa pansi, ndipo kumuchotsa pa woyera ndi ntchito ya tsiku lonse.

Chenjezo limodzi: zitseko za Huey zimatsetserekera kumbuyo. Mukazimata zotseka, machira anu aja sadzaoneka. Pentani mitanda zitseko zili padera, muzimate zotsegula pomaliza penipeni.