Ndalipira pulimiyamu yoyamba, nanga kenako chiyani?

Mayi ena a ku Chilomoni, aphunzitsi a pulayimale, anditumizira imelo. Akuti ajenti anawapeza kusukulu mwezi watha, anadzaza fomu ya inshuwalansi ya moyo, n'kulipira pulimiyamu yoyamba, ndalama imene munthu amalipira kukampani ya inshuwalansi mwezi ndi mwezi, pa Airtel Money. Kuchokera pamene unabwera uthenga woti ndalama yalandiridwa, kuli zii. Akufunsa kuti: "Kodi basi ndatetezedwa? Nditamwalira mawa, ana anga alandira kanthu?"

Mayi, uthenga wa pafoniwo muusunge, koma musaudalire. Umangochitira umboni kuti ndalama inalowa. Fomu imene munadzaza ija inali pempho, ndipo kampani iyenera kuliunika kaye: zaka zanu, ntchito yanu, zimene munayankha pa nkhani ya matenda. Ngati ndalama imene mukufuna kuti adzalandire ana ndi yaikulu, akhoza kukutumizani kuchipatala kukapimidwa. Akatero amavomera, kapena amakweza pulimiyamu, kapena amakana n'kukubwezerani ndalama.

Akavomera amatulutsa chikalata, policy, chokhala ndi nambala yake. Ichi ndiye muyenera kulondola. Musamangoimbira ajenti, poti ajenti amasintha ntchito ndipo manambala awo amazima. Kwerani minibasi mulowe m'tauni, mukafike pa ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chanu cha unzika ndi uthenga wolipirira uja, mukafunse ngati dzina lanu lili m'kompyuta mwawo.

Chikalatacho mukachilandira, khalani nacho pansi. Yang'anani tsiku limene chitetezo chikuyamba. Kenako fufuzani za nthawi yodikira, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amalirira kawiri. Ma policy ambiri, makamaka a maliro, salipira ngati munthu wamwalira ndi matenda m'miyezi yoyambirira, kawirikawiri 6, pomwe imfa ya ngozi ya pamsewu amalipira ngakhale nthawiyo isanathe. Choncho yankho la funso lanu la "mawa" lili pa tsamba limenelo. Onaninso dzina la mwana aliyense, chilembo ndi chilembo, ndi tsiku lake lobadwa. "Chimwemwe" akalembedwa "Chimwenwe", adzazunzika ndi kuyendayenda nthawi imene inu kulibe kuti mufotokoze.

Tsopano nkhani imene ajenti ena amaidumpha pofuna kuti musaine msanga. Ngati muli ndi BP kapena shuga ndipo pa fomu panalembedwa kuti mulibe vuto lililonse, kakonzeni panopa. Mwina ajentiyo ndi amene ankachonga mabokosi inu mukungoyankha mwachangu nthawi ya buleki, koma siginecha ndi yanu. Pa nthawi yolipira kampani imatha kuitanitsa mbiri ya kuchipatala, ndipo ikapeza kuti munabisa, ili ndi mphamvu yokana. Ine ndimaona kuti bola kulipira yokwererako pang'ono kusiyana ndi kuponya ndalama zaka zambiri m'thumba lobowoka.

Za mwezi wachiwiri musaiwale. Ngati munasaina kuti azidula kumalipiro, onani payslip yanu ngati ayambadi kudula, chifukwa zimatha kuchedwa. Mukaphonya, amakupatsani masiku ochepa, nthawi zambiri 30, ndipo akadutsa policy imafa. Kuidzutsa kumafuna kulipira zonse zotsalira, mwinanso kuyankha mafunso a zaumoyo kachiwiri.

Kampani ikamakuzungulitsani, ilembereni kalata yodandaula ndipo musunge kope. Zikakanika pamenepo, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, woyang'anira makampani a inshuwalansi. Nthambi ya bankiyi ilipo konkuno ku Blantyre.

Ndipo Mayi, muuzeko munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, kaya mchemwali wanu, kaya mwana wanu woyamba. Adziwe dzina la kampani, nambala ya policy, ndi pamene mwasunga chikalatacho. Kampani siidziwa yokha kuti kwagwa zovuta. Wina ayenera kupita kukanena, atanyamula setifiketi ya imfa, chikalatacho ndi chiphaso chake.