Achimwene a ku Chilomoni, dzanja ndi lanu, si la alamu anu

Imelo ya achimwene ena a ku Chilomoni yandikanda pamene pamandiyabwa kale. Akuti atapita ku Joni, alamu awo anawatengera kumalo ophunzirira kuwombera, n'kuwagwiritsa mfuti ziwiri zachikauboyi, zija umayamba wakoka hamala, kachitsulo kakumbuyo komenya chipolopolo, ndi chala chachikulu nthawi iliyonse usanawombe. Imodzi inali ndi chogwirira chopindika cha mfuti yakale ya kampani ya Colt, chomwe eni ake amati plow handle, inayo cha mtundu wotchedwa Bisley. Dzanja lawo linakonda Bisley, koma alamuwo anawaseka kuti imeneyo ndi ya anthu amantha. Ndiye akufunsa kuti chabwino n'chiti.

Achimwene, mawu a alamu anuwo ine ndinawamvapo, kungoti anachokera pakamwa pena.

Tonse amene tinakulira ku Ndirande chogwirira cha Colt tinachidziwa tisanaione mfuti yeniyeni. Tinkachiona m'mavidiyo sho, titapanikizana pabenchi, kenako n'kukachisema pathabwa kuseri kwa nyumba. Mwana aliyense amadziwa kuti mfuti ya kauboyi imapindika kumbuyo n'kutambasuka kumunsi. Ndiye pamene ndinapita ku Johannesburg pa zantchito, mnzanga wina n'kunditengera kumalo owomberako, m'mutu mwanga munali kale chithunzi chimenecho. Ine manja anga ndi otambalala, zala zonenepa. Nditagwira mfuti yofanana ndi Colt Single Action Army, kachala kakumapeto kanasowa pokhala, kanangolendewera pansi. Anandiuza kuti ndikapinde kunsi kwa chogwiriracho, ndipo zinayendadi bwino ndi zipolopolo zofatsa. Vuto linabwera pamene mkulu wina amene amayang'anira pamalopo anandipatsa mfuti ya kampani ya Ruger yotchedwa Super Blackhawk, yowomba chipolopolo champhamvu cha .44 Magnum (manambala otere amatchula kukula kwa chipolopolo). Chitsulo chotchinga trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba, pa mfuti imeneyi kumbuyo kwake chili ndi ngodya, si chozungulira. Kungowomba, mfuti inatembenuka m'dzanja, ngodya ija n'kundimenya pamfundo ya chala chapakati. Kuwombanso, pomwepo. Khungu linasupuka. Nditaonetsa chalacho, mkuluyo anangoti ndigwire ngati mwamuna.

Mpaka lero mawu amenewo amandinyansa, chifukwa vutolo ndi lodziwika kwa aliyense amene anawomberapo mfuti imeneyo, ndipo silikhudzana ndi umuna wa munthu. Likukhudza kukula kwa chala ndi malo amene chitsulo chinaikidwa, basi.

Tiyeni tione kumene chogwirira chopindikachi chinachokera, chifukwa anthu amachilambira ngati chinagwa kumwamba. Colt Single Action Army inatuluka mu 1873, asilikali a ku America n'kuyitenga. Samuel Colt mwini wake anali atamwalira kale mu 1862. Chogwirira chake sichinali chachilendo: anatengera cha Colt Navy ya 1851, mfuti ya .36 yomwe kukankha kwake n'kochepa. Colt Army ya 1860 inali ndi chogwirira chotalikirapo, ndipo mpaka pano anthu a manja akuluakulu amachifuna chimenecho, koma pa mfuti ya 1873 anabwerera ku chachifupi chija. Inali mfuti ya munthu wapahatchi, dzanja lina lagwira chingwe, lina mfuti. Ukawomba, chogwiriracho chimatsetsereka m'chikhatho, kamwa la mfuti limaloza m'mwamba, hamala n'kufika pafupi ndi chala chachikulu. Ukamaitsitsa umakhala wakoka kale. Nzeru yake ndi imeneyo, ndipo ndi nzeru yabwino zedi pa .45 Colt ya onga wakuda. Koma ika chipolopolo chaukali cha masiku ano, kutsetsereka komwe kuja kumasanduka chilango. Mfuti imathawa m'dzanja, ndipo nthawi iliyonse uyenera kuigwiranso mwatsopano, pamene kulasa pamalo amodzi kumafuna kuti dzanja likhale pomwe linali.

Ndiye munthu akati chogwirira chimodzi n'cha amuna, ine ndimadziwa kuti sanalimepo. Agogo anga kumudzi sankalola munthu kugwira khasu lawo, ndipo akamasema mpini ankauyesa m'manja mwa mwini wake, osati mwa mnansi. Wa mwana wamng'ono unkakhala wina, wolimira dambo wina. Palibe amene ankatchedwa wamantha chifukwa cha mpini.

Komanso ambiri amene amakangana za zinthuzi kuno sanaigwirepo n'komwe. Amaonera pa YouTube mzungu wa ku Texas wa manja ngati mafosholo, mawa n'kumadzatiphunzitsa ku Ginnery Corner. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Mfuti zimene agogo athu ankazidziwa ndi gogodela, zothira onga kukamwa. Ndipo mfuti yaing'ono imene mbiri yathu inakumana nayo kwambiri si Colt ayi, ndi Webley ya Angelezi, ija ankamangirira m'chiuno akuluakulu a King's African Rifles ku Zomba. Imeneyo ndi ya mtundu wina, imawomba ngakhale osakoka hamala, koma nkhani ya chogwirira inaikhudzanso. Mitundu yake yoyambirira inali ndi chogwirira chozungulira kumunsi, ndipo pofika pa Mark VI mu 1915 anachisintha n'kukhala changodya, chodzaza m'dzanja. Chaka chomwecho, mu Januwale, ndi pamene anthu a John Chilembwe anabwera usiku ku Mandala kuno ku Blantyre kudzafuna mfuti ndi zipolopolo. Ndikamadutsa pa Mandala ndimaganiza kuti iwo aja akanapeza mfuti iliyonse akanaitenga, za chogwirira analibe nazo nthawi. Ife okhuta ndi amene timakangana.

Bisley ziwiri zosiyana

Apa ndiye pamene anthu amasokoneza. Bisley ndi dzina la malo ochitira mipikisano yowombera ku Surrey, ku England. Colt inatulutsa mtundu wa Bisley mu 1894 pofuna kukopa anthu a mipikisano, ndipo inapanga zoposa 44,000 mpaka 1915. Chogwirira chake chinatsika mowongoka n'kupindikira kutsogolo kumunsi, hamala inakhala yotsika ndi yotambalala kuti chala chiifike osasuntha dzanja, trigger nayo yotambalala. Inapangidwira munthu woima chilili, dzanja limodzi, chigongono chopinda pang'ono, monga ankawombera nthawi imeneyo. Kunena zoona, Bisley ya Colt m'maso ndi yonyansa, ndipo m'manja mwa anthu ambiri imaloza pansi.

Imene munagwira inuyo, achimwene, ndikukhulupirira inali ya Ruger, yomwe inabwera m'ma 1980. Dzina ndi lomwelo koma thupi ndi lina. Imafanana kwambiri ndi mfuti yotchedwa No. 5 ya Elmer Keith, munthu wa ku Idaho amene analemba za mfutiyo m'magazini mu 1929, yemwenso anakakamira mpaka .44 Magnum inabadwa. Mfuti ya No. 5 inaphatikiza msana wa chogwirira cha Bisley ndi mbali yakutsogolo ya Single Action Army. Pa Ruger Bisley zala zonse zimapeza malo, mfuti sitembenuka kwambiri, mphamvu imabwerera molunjika m'chikhatho n'kulowa m'mkono. N'chifukwa chake amisiri amene amapanga mfuti zoopsa ngati .475 ndi .500 Linebaugh amayambira pa Ruger Bisley. Ndiye alamu anu akafuna kutchula amantha, akayambe ndi anthu amene amawomba .500 aja. Ine ndikunena mosabisa: pa chipolopolo chilichonse choposa .357 Magnum, munthu amene akuumirira plow handle akuumirira filimu, osati mfuti. Inde, alipo ena amene Bisley imawamenya pachala chapakati chomwecho, chifukwa mpata wa kuseri kwa trigger ndi wochepa kwa zala zina. Amenewo ndimawamvetsa. Koma iwo amanena za chala chawo, sanyoza cha mnzawo.

Pali chachitatu chimene simunafunse, bird's head, chozungulira kumunsi ngati mutu wa mbalame. Colt anachiika pa Lightning ndi Thunderer za 1877, zomwe sizinali n'komwe za mtundu tikukambawu, koma masiku ano Ruger ndi makampani a ku Italy ngati Uberti amachiika pa mfuti zachikauboyi zazifupi. N'chokongola, sichikola malaya, ndipo pa .38 yofatsa chilibe vuto. Pa chipolopolo champhamvu n'kudzionetsera chabe. Ndisayambe za zogwirira zamphira. Mphira imamata pakhungu, ndiye pa plow handle imaletsa kutsetsereka kumene chogwiriracho chinapangidwira, n'kusiya matuza. Thabwa losalala ndiye lake. Ndipo ngakhale mukati plow handle, si zonse zofanana: Ruger Blackhawk ya 1955 inayamba ndi chogwirira chonga cha Colt, kumayambiriro kwa m'ma 1960 anachikulitsa pang'ono kuti chala chipeze mpata, kenako pa New Vaquero ya 2005 anabwerera ku chaching'ono. Kampani yomweyo yasintha maganizo kangapo, koma alamu anu ali ndi yankho limodzi.

Tsono yankho lanu ndi ili. Mukabwereranso ku Joni, gwirani mfuti yopanda chipolopolo, itayang'aniridwa kuti ilibedi, muloze kumene kuli chandamale mutatsinzina, kenako mutsegule maso muone ngati yaloza pamene mumafuna. Onani ngati chala chachikulu chikufika pa hamala osasuntha dzanja, ndiponso ngati chapakati chili ndi mpata. Pa .22, .38 kapena .45 Colt wamba, plow handle ndi yokoma. Pa zamphamvu, tengani Bisley imene dzanja lanu lasankha kale. Musayese kubwera nayo m'chikwama pa Mwanza. Kuno mfuti imafuna chilolezo cha apolisi, ndipo kukhala nayo popanda chilolezo ndi mlandu wokalowa nawo ku Chichiri. Akakupatsani Colt yakale kapena ina yofanana nayo, muike zipolopolo 5 zokha, hamala igone pabowo lopanda kanthu, chifukwa ikagwa pansi itadzaza ikhoza kulira yokha. Ruger anakonza zimenezo mu 1973, koma funsani kaye musanaike chachisanu n'chimodzi.