Oyilo wa pikapu wayera ngati mkaka: ndingosintha kapena injini yatha?

Wowerenga wina wandilembera pa imelo za pikapu yake ya dizilo. Akuti atasolola dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, m'mawa wina anapeza oyilo atayera mbuu ngati wathiridwa mkaka, komanso atakwera kupitirira chizindikiro cha pamwamba. Madzi a mu rediyeta akumawonjezera pafupipafupi, koma pansi pa galimoto sipadontha kanthu. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi ndingosintha oyilo ndi fyuluta n'kumayenda, kapena injini yatha?"

Achimwene, choyamba galimotoyo musailize, ngakhale kungoti mupite nayo ku galaja. Ikokedwe. Pakati pa crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulira kunsi kwa injini, ndi ma bearing ake omwe imazunguliramo pali kampata kochepa kwambiri, ndipo oyilo ndi amene amakhala m'kampatako kuti zitsulo zisakhudzane. Akasakanikirana ndi madzi amalephera ntchito imeneyi. Ngati mumathira coolant, madzi amankhwala oziziritsira injini, mu rediyeta vuto limakula, chifukwa glycol wa mu coolant akatenthedwa pamodzi ndi oyilo amapanga zamatope zotseka tinjira ta oyilo, komanso asidi amene amadya ma bearing. Turbo nayo imazungulira pa oyilo yemweyo, ndipo siichedwa kuwonongeka.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna titayepo nthawi, musathamangire kukhetsa oyiloyo. Oyilo woipayo ndi umboni wanu. Mukamutaya musanamuyang'ane bwino, n'kuthira watsopano, pakatha masiku ochepa nayenso ayera, inu mutaononga ndalama, komwe madzi akulowera musanakudziwe.

Galimoto igone usiku wonse pamalo osapendekeka. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho amene sanasakanikirane amakakhala pansi pa sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini. M'mawa masulani pang'ono chabe bauti yokhetsera oyilo, osaichotsa, ndipo tcherani kabotolo koonekera mkati. Ngati zoyamba kudontha ndi madzi, yang'anani mtundu wake. Obiriwira, ofiirira kapena amtundu uliwonse wofanana ndi wa coolant wanu akuchokera ku mbali ya rediyeta. Ngati ndi amatope, kumbukirani ngati mwaoloka madzi akuya posachedwapa, kenako tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya muone ngati ndi yonyowa. Pamene mukukayika, donthezani oyilo pang'ono pa chitsulo chotentha kwambiri. Madzi amawira pa madigiri 100, ndiye oyilo wokhala ndi madzi amathetheka, pamene wabwino amangotuluka utsi mwakachetechete.

Ena amachita mantha akaona zoyera kunsi kwa chivundikiro chothirira oyilo pamene pa dipstick oyilo ali bwinobwino. Nthawi zambiri imeneyo ndi nthunzi chabe ya galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi, injini isanatenthe mokwanira, ndipo imatha mukayenda ulendo wautali. Zanu sizili choncho. Oyilo wakwera, madzi a mu rediyeta akutha osadontha pansi, ndiye kuti akuthera m'injini.

Anthu ambiri akangomva zimenezi amati head gasket, chotsekera cha pakati pa mutu wa injini (head) ndi thupi lake, yapsa, n'kuyamba kumasula. Mwina ndi yomweyo, makamaka ngati injini inatenthapo mpaka muvi kufika pofiira. Koma pa mapikapu ambiri a dizilo pali oil cooler, kachipangizo komwe oyilo ndi coolant zimadutsa moyandikana, zitalekanitsidwa ndi timalata topyapyala ndi ma seal. Kakaboola, zimasakanikirana chimodzimodzi. Injini ikamalira, oyilo amakhala ndi mphamvu yoposa ya madzi, ndiye amalowa mu rediyeta. Mukazimitsa, mphamvu ya oyilo imagwa nthawi yomweyo pamene madzi otentha aja akadali opanikizika, ndiye iwo amalowa mu oyilo. N'chifukwa chake muyenera kutsegula chivundikiro cha rediyeta, injini itazizira, muone ngati pamwamba pa madzi pakuyandama mafuta akuda. Zimandipweteka kuona head ikuchotsedwa, ntchito yaikulu ndi yodula chotero, pamene vuto linali kachipangizo komasula ndi mabauti ochepa.

Choncho amakaniko anu ayambe ayeza asanamasule. Pali pampu ya pamanja yomwe amaimanga pakamwa pa rediyeta n'kupopa kufika pa mlingo wolembedwa pa chivundikiro, womwe pa galimoto zambiri umakhala pafupi ndi 1 bar. Muvi ukamatsika kunja kusakudontha, madzi akulowa mkati, ndipo bauti ya sampu ikakhala yochotsa mutha kuwaona akutuluka. Oil cooler aichotse aiyeze payokha m'madzi ndi mpweya. Kuti adziwe za gasket, angathe kupopera mpweya mu silinda iliyonse n'kuyang'ana ngati mu rediyeta mukutuluka thovu. Utsi woyera wonunkhira motsekemera umene munkauona ku ekizosi, kapena mapaipi a rediyeta amene ankauma gwa injini itangolira kumene, zonsezi zimaloza ku gasket kapena head yosweka. Muwauze amakaniko zonse zimene munaona.

Ikapezeka kuti ndi gasket, musalole kuti angoika yatsopano basi. Head iyezedwe ngati sinapindike, iyezedwenso ngati ilibe mng'alu, chifukwa head ya aluminiyamu ikatenthedwa imapindika ndipo gasket yatsopano siingagwire. Mabauti a head pa injini zambiri za masiku ano amatambasuka akamangidwa, ndiye sabwezeredwa kachiwiri. Amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bauti, motsatira ndondomeko ya m'buku la injiniyo. Funsaninso chimene chinatenthetsa injini poyamba: thermostat, water pump, fani kapena rediyeta yotsekeka. Mankhwala a m'botolo othira mu rediyeta kuti atseke podontha sindikuwalimbikitsa, amatsekanso tinjira tomwe timafunika kukhala totseguka.

Kwa ena owerenga amene oyilo wawo akukwera koma sakuyera, mununkhizeni. Akamanunkha dizilo ndipo ndi wamadzimadzi pakati pa zala, ndiye kuti dizilo akulowa mu sampu kudzera mu injector yodontha, seal ya pampu, kapena pa galimoto zokhala ndi DPF, fyuluta yogwira mwaye ku ekizosi, pamene kuyeretsa kwa fyulutayo kukumadukizidwa ndi maulendo afupi. Zimenezi ndi zoopsa pa dizilo, chifukwa oyilo akachuluka kwambiri injini ikhoza kuyamba kumuyamwa ngati mafuta, n'kumathamanga yokha ngakhale mutachotsa kiyi.

Polowera madzi pakatsekedwa, ntchito yotsuka yatsala. Khetsani zonse, ikani fyuluta yatsopano, thirani oyilo wotsika mtengo koma wa giredi yoyenera, lizani injini mpaka itenthe, osaikoketsa katundu, kenako khetsani akadali wotentha. Bwerezani kawiri kapena katatu, nthawi iliyonse ndi fyuluta ina, mpaka wotuluka asakhalenso ndi mbuu. Ngati matope anali ambiri, sampu ichotsedwe itsukidwe pamodzi ndi kasefa koyamwira oyilo. Musalize injini itadzazidwa dizilo kapena palafini pofuna kutsuka, ma bearing sangapirire. Ku mbali ya rediyeta nakonso kutsukidwe, ndipo mapaipi a labala amene afewa ndi oyilo asinthidwe. Mukathira oyilo wabwino, musadikire nthawi ya sevisi: musintheninso mukayenda makilomita pafupifupi 1,000, ndipo m'mawa uliwonse muzisolola dipstick.

Pa funso loti injini yatha kapena ayi, yankho lili mu fyuluta yakale ija. Musaitaye. Iduleni, tambasulani pepala la mkati, muliyang'ane padzuwa. Ngati mulibe tinyenyeswa tonyezimira, ndipo injini sinkagogoda kapena kuyatsa getsi la oyilo, mwayi ndi waukulu kuti mwaipulumutsa. Mukaona tinyenyeswa tofiirira ta mkuwa kapena toyera ngati siliva, ma bearing adyeka kale, ndipo amakaniko awaone ndi kuyeza crankshaft sampu ikadali yotsegula, asanagule gasket.