Mwaika ma LED m'dashibodi, tsopano mivi ikuvina? Yambani ndi earth

Funso: Amisiri, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndili ndi Toyota Altezza ya 2001. Mwezi watha ndinachotsa mababu a m'dashibodi n'kuikamo a LED abuluu amene ndinagula ku Limbe. Mnyamata wina anandiikiranso timagetsi pansi pa mipando ndi geji ya oil pressure (yoonetsa mphamvu ya oilo mu injini) pafupi ndi chiwongolero. Masana zonse zimakhala bwino. Koma kukada, ndikangoyatsa magetsi, muvi wa gejiyo umasuntha wokha, mababu amaphethira, ndipo awiri sanayakepo chiikireni. Wina akuti dashibodi yapsa, ndigule ina. Ndigule?

Yankho: Musagule, achimwene. Dashibodi yanu ilibe mlandu. Vuto ndi earth, njira imene mphamvu ya magetsi imabwererera ku batire kudzera m'chitsulo cha bodi, ndipo ndikunena izi galimotoyo ndisanaione, chifukwa zoterezi zimandipeza pafupifupi sabata iliyonse. Muvi umene umasuntha pa nthawi yokhayo imene mwayatsa magetsi ukukuuzani kuti gejiyo ndi timagetsi tanuto zikudyera mbale imodzi. Mnyamata wanuyo anapotokola mawaya onse akuda pamodzi n'kuwamangirira penapake posalimba. Mphamvu yobwerera ku batire ikasowa njira yabwino imadutsa paliponse pamene yaona mpata, ngakhale m'kati mwa geji, ndiye muvi umanama.

Ndikudziwanso kumene anamangirira. Ngati si pa sikuluwu yolowa m'pulasitiki, ndi pa kachitsulo kopakidwa penti kuseri kwa wailesi. Ena amaba earth pa waya wa magetsi a dashibodi, osadziwa kuti pa Toyota zambiri waya umenewo umadzera kaye pa dimmer, kaja kochepetsera kuwala, usanafike ku bodi. Imeneyo si earth yeniyeni.

Tengani multimeter, mita yoyezera magetsi, ndipo apa mumvetsetse bwino. Musaiike pa kaja kolira kuti "piii". Anyamata ambiri akamva kulirako amati earth ili bwino, basi atseka dashibodi. Kulirako kumangosonyeza kuti pali kanjira. Ngakhale kaulusi kamodzi ka waya kotsala pa dzimbiri kamachititsa mita kulira, koma sikangadutsitse mphamvu ya magetsi onse. Earth imayezedwa ikugwira ntchito, ili ndi katundu pamutu.

Choncho ikani mita pa DC volts. Lizani injini, yatsani magetsi akutsogolo, fani, wailesi ndi timagetsi tanu tonse. Waya wakuda wa mita ugunde pa mutu wa negative wa batire, pa mtovu penipenipo osati pa chomangira chake. Mudzafunika kuulumikiza ndi waya wina wautali kuti mufike m'kati mwa galimoto. Ndi wofiira gundani pamene pamangiriridwa earth ya geji. Mita ikawerenga zosafika 0.1 V, pali bwino. Ikafika 0.2 V, yambani kukayikira. Ikaonetsa 0.5 V kapena kuposa, wakuba mwamugwira. Kenako uzani mnzanu azithimitsa ndi kuyatsa magetsi inu mukuyang'ana mita. Mudzaona manambala akudumpha limodzi ndi muvi uja.

Musalekere pomwepo. Yezani chimodzimodzi kuchokera pa mutu wa batire kufika pa chomangira chake, kenako kufika pa bodi, kenako kufika pa injini. Anthu amaiwala kuti galimoto zimenezi n'zakale. Altezza anasiya kuipanga mu 2005. Inayenda zaka ku Japan, inakwera sitima yapamadzi, inakhala padoko ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo kuno yakumana ndi mvula ya Disembala ndi anyamata otsuka injini ndi payipi. Waya wonenepa wochoka ku batire kupita ku bodi umaoneka wabwinobwino kunja, koma mukamasula bawuti mumapeza pansi pake pali unga wobiriwira. Ndinalandirapo galimoto imene mwini wake anali atagula kale dashibodi ina, vuto osatha, pamene chofunika chinali sandipepa ndi sipanala ya 10.

Kukonza kwake n'kosavuta. Pezani bawuti yolowa m'chitsulo chenicheni cha bodi, monga za kuseri kwa pulasitiki ya pambali pa mapazi. Palani penti mpaka chitsulo chiwale. Waya akhale ndi mphete yofinyidwa bwino kumapeto kwake, osati kuuzunguliza pa bawuti ngati mukumanga thumba la makala. Mangani zolimba, pakani girizi pamwamba. Geji ikhale ndi earth yakeyake, timagetsi tikhalenso ndi yawo ina. Mukatha yezaninso ndi mita, musakhulupirire maso.

Pitaninso ku injini mukaone sensa ya gejiyo. Ngati ili ya waya mmodzi, earth yake imadzera m'mazinga ake momwe, ndiye amene anaikulunga tepi yoyera ya mapaipi a madzi kambirimbiri anaitsekera njira. Komanso injini za ku Japan zimakhala ndi mazinga a 1/8 BSPT pamene mageji ambiri amabwera ndi sensa ya mazinga a mtundu wina, 1/8 NPT. Zimalowa pang'ono, munthu n'kukakamiza ndi sipanala, mapeto ake oilo ayamba kudontha. Pamafunika kolumikizira koyenera pakati pake.

Mababu awiri osayakawo, azuleni muwatembenuze. LED ili ndi positive ndi negative, siyaka mbali zonse ngati babu lakale.

Ngati earth mwakonza koma ena akuphethirabe, ndiye ndi mababuwo. Amene amagulitsidwa m'tithumba topanda dzina, khumi pa mtengo wa limodzi labwino, m'kati mwake muli ka resistor, kochepetsa mphamvu ya magetsi, kamodzi basi. Anawawerengera 12 V, koma injini ikamalira alternator, yotchaja batire, imapereka pafupifupi 14 V. Amatentha, amayamba kuphethira, kenako amafa limodzilimodzi, inu n'kumasula dashibodi kanayi mpaka timano ta pulasitiki tonse titathyoka. Zimandipweteka kuona munthu wogula galimoto ya mamiliyoni akuumira pa babu. Mababu a machenjezo, makamaka la batire ndi la mafuta, asiyeni akale omwewo. Pa galimoto zina zakale babu la batire ndi limene limadzutsa alternator, ndipo la mafuta mukaika LED limangoyaka ngakhale thanki ili yodzaza.

Timagetsi ta pansi pa mipando tikhale ndi fyuzi yawo ya 3 A kapena 5 A pafupi ndi pamene mwatengera moto. Mawaya okutidwa ndi zachikasu amene ali pansi pa mpando ndi a airbag, musawakhudze. Za mtundu wabuluuwo ndi nkhani yanu, koma ine sindiukonda. Yendani nawo usiku pa msewu wa ku Zomba kopanda magetsi, muone mmene maso amatopera ndi mmene wa njinga amachedwera kuoneka.

Funso: Madala, ndaika geji ya boost (yoonetsa mphamvu ya mpweya umene turbo ikukankhira mu injini) pa Subaru Impreza WRX yanga. Injini ikangolira galimoto itaima, muvi umakhala pa 0. Anzanga ku Ginnery Corner akuti turbo yatha.

Yankho: Turbo ilibe chochita ndi galimoto yoima. Mwatenga kapaipi ka gejiyo pamalo polakwika. Kayenera kuchokera pa intake manifold, polowera mpweya mu injini, mpweyawo utadutsa kale throttle (kachitseko kotseguka mukaponda moto), chifukwa m'pamene pamakhala vacuum, kukoka mpweya kumene kumatsitsa muvi pansi pa 0. Mukakatenga kutsogolo kwake, muvi sutsika pansi pa 0. Ngati malo ndi oyenera, ndiye kapindika kapena kang'ambika podutsa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi m'kati. Dutsitsani pa labala, ndipo mangani tizingwe ta pulasitiki pa kolumikizira kooneka ngati T, apo ayi kadzavuka mukukwera phiri pochokera ku Chikwawa. Mukakonza, musadabwe muvi ukaima cha pa -0.5 kapena -0.6 bar pamene mabuku amanena zotsikirapo. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, ndiye vacuum imawerengeka yochepa.

Funso: Bambo, sipidomita ya galimoto yanga imathera pa 180. Ndapeza nkhope ina yolembedwa mpaka 260. Ndikangosintha, zitheka?

Yankho: Ayi. Muvi udzayenda monga kale, manambala okha ndiwo adzasinthe malo, ndiye mudzakhala mukuwerenga zabodza. Galimoto zambiri zopangidwira msika wa ku Japan zili ndi malire a 180 km/h m'kompyuta ya injini, ndipo pepala losindikizidwa silingawachotse. Kuti musinthe nkhopeyo muyeneranso kuzula mivi, ndipo ambiri amaizula ndi sikuludiraiva mbali imodzi, kamtengo kake kopyapyala n'kupindika. Ngati mwatsimikiza mtima, gulani nkhope ya manambala ofanana ndi yanu. Tenthetsani injini, jambulani ndi foni pamene muvi uliwonse waima, dzazani thanki kuti wa mafuta mudziwe malo ake, ndipo muzule ndi masipuni awiri, uku ndi uku, mutayala kansalu pansi pake. Mukatseka, yerekezani liwiro ndi GPS ya pa foni pa 50 ndi pa 80.