Kamudzi ka anthu 10 koma kali ndi meya wakewake

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti anamva kuti ku Germany kuli midzi ya anthu osakwana 20 koma ili ndi meya, ndiye akufunsa ngati nzoona, nanga poti kulibe nyakwawa amayendetsa zinthu ndani. Nzoona achimwene, tiyeni ndikutengereni ku Gröde.

Gröde ndi kachilumba m'nyanja ya North Sea, m'boma la Nordfriesland m'chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany, anthu ake ndi pafupifupi 10 basi. Tizilumba totere amati Hallig, tilibe chipupa chachitali chotchinga nyanja, ndiye mphepo ikavuta madzi amameza dambo lonse, nkungotsala timapiri towunjika ndi manja pomwe anamangapo nyumba. Ku Gröde timapiri totere ndi tiwiri, Knudswarft ndi Kirchwarft, ndipo pachiwiripo mpomwe pali katchalitchi ka St. Margarethen ka 1779. Gombe lonseli linang'ambidwa ndi madzi osefukira a 1362 ndi 1634, anthu ambirimbiri anafa. Kale dera lino linali m'manja mwa mfumu ya Denmark mpaka nkhondo ya 1864, kenako mu 1867 linalowa mu Prussia, ufumu wina wa Majeremani nthawi imeneyo.

Tsono apa mpamene pali nkhani. Lamulo lakumeneko limati mudzi wa anthu osapitirira 70 susankha makhansala, akuluakulu onse amakhala pansi pamodzi, iwo eni ndiwo khonsolo, ndipo meya amamusankha pomwepo. Si za magazi ngati ufumu wakwathu ayi, amachita kuvotera, ndipo si ntchito yasalale, amangolandira ka alawansi, nkhaniyo ikatha munthu nkubwerera ku nkhosa zake kapena kwa alendo ake.

Mwina mufunsa kuti nanga anthu 10 angakwanitse bwanji bajeti, misonkho ndi kaundula. Sakwanitsa, ndipo palibe amawakakamiza. Midzi ing'onoing'ono imasonkhana pansi pa ofesi imodzi yomwe amati Amt, Gröde ili mu Amt Pellworm, ndipo kuyambira 2008 mapepala ake amalembedwa ndi ogwira ntchito a tauni ya Husum kumtunda. Ine chimandisangalatsa nchakuti olembawo sagamula, ogamula ndi eni mudzi aja.

Kale tsiku lachisankho atolankhani ankakonda kuthamangira ku Gröde chifukwa kuwerenga mavoti sikunkachedwa, koma kunena zoona chinsinsi cha voti pamenepo ine ndimachikayikira, aliyense amadziwa maganizo a neba wake.