Kodi "thou" ndi "inu" wa Chingerezi?

Funso: M'nyimbo zakale za kutchalitchi ndi m'Baibulo la Chingerezi ndimapezamo mawu akuti thou, thee ndi thy. Kodi amenewa ndiwo mawu aulemu, ofanana ndi "inu" wathu?

Yankho: Funso lanu landikondweretsa, mayi, chifukwa anthu ambiri amaganiza chomwecho, koma zoona zake n'zotembenuka. Thou ndi "iwe". Thy ndi "-ako", monga dzina lako, mwana wako. Mawuwa ndi pachibale ndi tu wa Chilatini ndi Chifalansa komanso du wa Chijeremani, ndipo kalekale ankangotanthauza munthu mmodzi, pamene ye ndi you anali a anthu ambiri.

Anthu olankhula Chifalansa atalanda England mu 1066, pang'ono ndi pang'ono Angerezi anatengera mwambo wolemekeza munthu mmodzi pomutchula ngati ambiri, ndendende mmene ife timachitira. You anakhala wa mafumu ndi akuluakulu, thou anatsalira ana, antchito ndi okondana. Thou ankathanso kukhala mwano. Pa mlandu wa Walter Raleigh ku Winchester mu 1603, woimira boma Edward Coke anamutchula dala kuti thou pofuna kumunyoza ngati woukira mfumu. A mpingo wa Quaker, umene George Fox anayambitsa cha m'ma 1650, anaumirira kunena thou kwa aliyense poti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndipo ankazunzidwa nazo. Pofika m'ma 1700 mawuwa anali atazilala pakamwa pa anthu ambiri, kupatula madera ena a kumpoto monga Yorkshire.

Nanga ulemu umene mukuumvawo ukuchokera kuti? Baibulo la King James la 1611 linasunga thou pofuna kusiyanitsa mmodzi ndi ambiri monga zilili m'Chiheberi ndi m'Chigiriki. Mawuwa atatha pakamwa pa anthu ambiri anatsala makamaka m'pemphero, basi anthu n'kuyamba kuwamva ngati opatulika. Amene anamasulira Baibulo m'chinenero chathu anachita bwino osatsata zimenezo. Mngerezi amati thy name, kutanthauza dzina lako, koma ife timati "dzina lanu liyeretsedwe". Mchewa sangaime pamaso pa Chauta n'kunena kuti iwe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Angerezi anataya "iwe" n'kusunga "inu", pamene ife tayamba kutaya "inu". Womasulira wamakono akaona you amathamangira kulemba "iwe", ndiye uthenga wa pa foni umauza gogo wa zaka 80 kuti "wapambana, tumiza nambala yako". Ndili mwana ndinafunsapo malume kuti "wadzuka bwanji", ndipo agogo anga aakazi anasiya kusesa n'kundifunsa ngati malumewo ndinabadwa nawo tsiku limodzi. Sindinabwerezenso.

Choncho mukamamasulira nyimbo imene ikulankhula ndi Mulungu, thou muzimulemba kuti "Inu". Akakhala kholo lolankhula ndi mwana wake m'nkhani yakale, lembani "iwe".