Weeping willow wa ku Area 49: masamba si vuto, vuto ndi pamene wabzalidwa

Mayi wina wa ku Area 49, mumzinda wa Lilongwe, wanditumizira imelo. Akuti anaona mtengo wa nthambi zolendewera mpaka pansi pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa mtsinje, ndipo unawatenga mtima. Mu Febuluwale anagula mbande yake kwa ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu, amene anawauza kuti dzina lake ndi weeping willow. Anaibzala pakati pa khonde ndi mpanda, mamita anayi kuchokera pa thanki ya chimbudzi. Tsopano mu Juni muno masamba achita chikasu ndipo akuyoyoka. Akufunsa ngati mtengowo ukufa, komanso chimene angachite kuti ukule msanga.

Amayi, zikomo polemba. Za masambazo mtima ukhale m'malo. Mtengo umenewu kwawo ndi kumpoto kwa China, kumene kumazizira kwambiri, ndipo chibadwa chake ndi kutaya masamba nyengo yachisanu n'kupuma. Kuno chisanu chathu cha Juni ndi Julayi n'chochepa, choncho ina imayoyola onse, ina imangotsala ndi ochepa. Tengani chikhadabo mukande khungwa la kanthambi kamodzi. Mukapeza mkati muli mobiriwira ndi monyowa, mtengo uli moyo, ndipo kukayamba kufunda mudzaona timasamba tatsopano. Mukapeza mouma gwa, yesani nthambi ya m'munsi, kufupi ndi thunthu. Kaya zili bwanji, musasiye kuthirira, chifukwa ludzu nalo limayoyola masamba, ndipo mbande ya miyezi inayi mizu yake sinapite patali.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mamita anayi aja.

Weeping willow, amene akatswiri a zomera amamutcha Salix babylonica, ndi wa banja limodzi ndi msondodzi wathu umene umamera m'mbali mwa mitsinje. Onsewa ndi mitengo ya kumadzi. Ukakhala pabwino umakula mofulumira, umatha kupitirira mamita 10 kutalika, ndipo nthambi zake zimatambasuka pafupifupi chimodzimodzi. Mizu yake imayenda chapamwamba, kutali kuposa pamene pathera mthunzi, ikulondola chinyontho. Ndiye taganizani za Lilongwe. Mvula yathu imagwa kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Epulo, kenaka miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo kumakhala kouma, ndipo pofika Okutobala katondo wathu amauma ngati njerwa yootcha. Pa ploti ya m'tauni, m'miyezi imeneyo chinyontho chimapezeka kuti? Pa thanki ya chimbudzi, pa dzenje lomwera madzi a ku bafa, ndi pamene paipi ikudontha pansi inu osadziwa. Mizu siboola paipi yabwinobwino, koma ikapeza kamng'alu kapena polumikizira posagwirana bwino, kamuzu kamodzi kamalowa, kamachulukana mkatimo, mpaka madzi amasiya kuyenda. Zimenezi sizioneka chaka choyamba. Zimadza mtengo utakula, mwauzolowera, ana akusewera pansi pake, ndipo nthawi imeneyo kuudula kumapweteka mtima pamodzi ndi thumba lomwe.

Malangizo amene odziwa mitengo amapereka ndi akuti ubzalidwe mamita osachepera 15 kuchokera pa nyumba, pa mapaipi ndi pa thanki. Maploti ambiri a ku Area 49, Area 25 kapena ku Kawale alibe malo otero, ndipo ukathawitsa nyumba yako umakayandikiza kwa aneba. Onjezanipo ichi: mtengo wake ndi wofewa, nthambi zimathyoka ndi mphepo yamkuntho imene imadza ndi mvula yoyamba, ndipo sukhalitsa zaka zambiri ngati mbawa kapena mtangatanga.

Ine langizo langa ndi lakuti muuzule mwezi wa Julayi usanathe, pamene uli mtulo. Ukadali waung'ono, supweteka kwambiri. Thirirani dzulo lake, kumbani mozungulira patali pang'ono kuti utuluke ndi dothi lake, muuike m'thumba la simenti kapena m'ndowa yobooka pansi, pamthunzi, n'kumathirira. Ngati muli ndi wachibale amene ali ndi dimba kudambo kapena damu la nsomba, mtengowo ukakondwa kumeneko. Komabe asaubzale pagombe penipeni pa mtsinje ngati Lingadzi kapena Lilongwe. Nthambi yake ikathyoka n'kutengedwa ndi madzi imakamera kumene yakodwa, ndipo ku South Africa wafala motero m'mitsinje yambiri mpaka kupanikiza mitengo yachilengedwe. M'mbali mwa mitsinje yathu ndi bwino kubzala msondodzi wathu womwe, katope kapena mkuyu.

Kumera kwake kosavutaku kuli ndi ubwino wake. Ofuna kuchulukitsa angodula nthambi yonenepa ngati chala chachikulu, yotalika masentimita 30 kapena 40, n'kuizika theka lake m'dothi lonyowa. Pakapita masabata ochepa yatulutsa mizu.

Tsopano pakhonde panu paja tibzalepo chiyani? Chimene munakonda ndi nthambi zogwera pansi, ndipo chimenecho mungachipeze pa mtengo waung'ono. Ine ndingasankhe mabulosi olendewera, Morus alba 'Pendula'. Ndi mabulosi omwewa amene ana amadetsa nawo milomo, koma a mtundu umene nthambi zake zimaloza pansi. Ku nazale amaumezanitsa pamwamba pa thunthu lowongoka la mabulosi wamba, lotalika mita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo mtengowo sutalika kwambiri kuposa pamenepo. Nthambi zimatuluka pamutu n'kutsika mozungulira mpaka kukhudza pansi. Ukakhazikika umapirira chilimwe kuposa weeping willow kutalitali. Nawo umataya masamba m'chisanu, ndiye chaka chamawa musadzadzidzimukenso.

Pogula yang'anani pomezanitsira paja, pakhale pogwirana bwino, popanda mng'alu. Wina akakugulitsani kanthambi kozika m'chubu n'kunena kuti ndi mabulosi olendewera, dziwani kuti kadzayanga pansi pokhapokha mutakamangirira ku mtengo wochirikiza kwa nthawi yaitali kuti kapange thunthu. Mizu ya mabulosi nayo ndi yamphamvu, choncho pa thanki paja pasakhale mtengo uliwonse. Usendezeni mamita asanu kapena kuposa kuchokera pa thanki ndi pa maziko a nyumba, komanso kutali ndi chingwe choyanikira zovala, chifukwa zipatso zake ndi zitosi za mbalame zodya zipatsozo zimathimbiriritsa nsalu.

Kubzala dikirani mvula ikhazikike. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma obzala koyambirira ndi amene amapindula, poti mizu imapeza miyezi yambiri yamvula. Dzenje likhale masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba lisakanizeni ndi manyowa owolerana bwino, ndowa imodzi kapena ziwiri, ndipo mtengo ulowe kufika pamene unalekeza m'chubu, osaukwirira khosi. Mvula ikatha, ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata chaka choyamba ndi yabwino kuposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi olowa pansi amakokera mizu pansi. Madzi otsukira ndiwo zamasamba kapena mpunga ndi abwino ndithu. Phimbirani ndi udzu kapena masamba, koma musiye mpata wa chikhatho kuzungulira thunthu, apo ayi mwaitanira chiswe, chimene kuno ku Lilongwe chimamaliza mbande zambiri, makamaka zofooka ndi ludzu.

Ntchito yaikulu pa mabulosi olendewera ndi kusadzira, ndipo nthawi yake ndi Juni kapena Julayi, masamba atagwa. Mukadula nthambi zazikulu mtengo uli pakati pokula, umachucha utomoni kwambiri. Chotsani nthambi zouma zimene zimabisala mkati, fupikitsani zokwawa pansi kuti mphepo izidutsa, ndipo podula siyani diso loyang'ana kunja kuti mutu uzitambasuka. Mphukira iliyonse yotuluka pa thunthu, m'munsi mwa pomezanitsira, ithotholeni ikadali yanthete nthawi ina iliyonse pachaka. Imeneyo ndi ya mabulosi wamba, imakula choongoka ndi mphamvu, ndipo mukailekerera imalanda chakudya mpaka mutu wolendewera uja kufota.

Ngati kusesa masamba kumakutopetsani, palinso bottlebrush wolendewera wochokera ku Australia, amene wafala kale mumzinda muno. Sataya masamba onse, maluwa ake ofiira amakoka njuchi ndi timbalame, koma amatalika kuposa mabulosi, ndiye amafuna malo okulirapo ndipo asakhale pansi pa mawaya a magetsi.